Kusankha mphunzitsi wa maphunziro apamwamba a scuba pa nyanja ya Malawi

Munthu amene wamaliza maphunziro oyamba a scuba, komwe ndi kusambira pansi pa madzi ukupuma mpweya wa m'thanki yobereka kumsana, amalandira khadi lomulola kutsika mpaka mamita 18 pansi pa madzi ali ndi mnzake. Ambiri akafika pamenepa safuna kulekera pomwepo. Ena amalakalaka kukaona miyala yakuya ya m'mbali mwa zilumba za Thumbi, Domwe ndi Mumbo, pomwe ena, makamaka achinyamata a m'mudzi wa Chembe ndi a ku Monkey Bay, amaona kuti luso limeneli lingawapatse ntchito yoperekeza alendo amene amabwera kudzaona nsomba za mbuna. Onsewa amayenera kusankha munthu woti awaphunzitse, ndipo kawirikawiri amangofunsa mtengo ndi dzina la bungwe limene lidzalembedwe pa khadi. Mafunso awiriwa ali ndi malo ake, koma chimene chimasiyanitsa wophunzira wotetezeka ndi wongonyamula khadi ndi munthu amene anatsika naye m'madzi, mmene ankamuyang'anira, ndi ngati munthuyo akuidziwa bwino nyanja ino.

Chifukwa chake chili m'zimene zimasintha munthu akapitirira mamita 18. Mamita 10 aliwonse a madzi amawonjezera mphamvu yopanikiza thupi yofanana ndi ya mpweya wonse umene uli pamwamba pathu tikakhala kumtunda, kotero pa mamita 30 thupi limapanikizika kanayi kuposa pamwamba pa madzi. Mpweya umene munthu amapuma kumeneko umakhala wofinyika, ndipo thanki imene ikanamukwanira mphindi 40 pa mamita 10 imatha m'mphindi 20 zokha pa mamita 30. Wophunzira amene anazolowera kuyang'ana geji yake yosonyeza mpweya wotsala m'thanki mwa apo ndi apo amadzidzimuka kuona muvi utagwera pansi asanayambe n'komwe kuganiza zobwerera. Komanso mpweya wa nayitrojeni, umene ndi wochuluka mu mpweya umene timapuma, umayamba kusokoneza maganizo munthu akayandikira mamita 30, moti wina amamva ngati waledzera, wina amachedwa kuyankha chizindikiro cha dzanja, wina amangodziona kuti zonse zili bwino pamene sizili bwino.

Nayitrojeni yemweyo amalowerera m'magazi ndi m'minofu nthawi yonse imene munthu ali pansi. Akakwera pang'onopang'ono, mpweyawu umatuluka kudzera m'mapapo popanda vuto, koma akakwera mothamanga, kapena akakhalitsa pansi kuposa muyezo, umapanga thovu m'thupi monga zimachitikira mukatsekula mwadzidzidzi botolo la chakumwa choziziritsa kukhosi limene lagwedezeka. Thovu limeneli limabweretsa kuphwanya kwa mfundo za m'thupi, dzanzi, kufooka kwambiri, ndipo nthawi zina kufa kwa ziwalo kapena imfa. N'chifukwa chake tebulo la nthawi zokhala pansi pa madzi la bungwe lophunzitsa scuba la PADI limalola mphindi 56 pa mamita 18 koma mphindi 20 zokha pa mamita 30, limaletsa kukwera mofulumira kuposa mamita 18 pa mphindi, ndipo limalimbikitsa kuima mphindi 3 pa mamita 5 munthu asanatulukire pamwamba. Manambalawa aliyense angawaloweze pamtima madzulo amodzi. Kuwatsatira pamene magalasi alowa madzi, mnzako wasowa kuseri kwa thanthwe ndipo mtima ukugunda, ndi chinthu chimene chimaphunziridwa kwa munthu amene anachichitapo kambirimbiri.

Mabungwe amene amapereka makhadi alipo angapo, monga PADI, lomwe linayamba ku America mu 1966, SSI, NAUI ndi CMAS, ndipo malamulo awo a chitetezo sasiyana kwenikweni. Pa dongosolo la PADI, sitepe yotsatira maphunziro oyamba ndi Advanced Open Water, imene imakhala ndi maulendo asanu a pansi pa madzi. Awiri ndi okakamiza, wina wopita mwakuya ndi wina wophunzira kupeza njira ndi kampasi, ndipo atatu otsalawo wophunzira amasankha mogwirizana ndi mphunzitsi. Akamaliza amaloledwa kufika mamita 30. Kenako pali Rescue Diver, maphunziro opulumutsa mnzako, amene amafuna kuti munthu akhale ataphunzira chithandizo choyamba m'miyezi 24 yapitayo. Pamwamba pake pali Divemaster, sitepe yoyamba ya ogwira ntchito, imene munthu wa zaka 18 kapena kuposerapo amaiyamba ali ndi maulendo 40 olembedwa m'buku lake n'kuimaliza ali ndi 60. Malire a onse osambira mongosangalala ndi mamita 40.

Apa pali zinthu ziwiri zimene wofuna kuphunzira ayenera kuziona bwinobwino. Choyamba, maulendo asanu ndi ochepa, ndipo angathe kuchitika m'masiku awiri. Mphunzitsi wofuna kumaliza msanga akhoza kukutsitsani pa mamita 25, kukuonetsani mmene mtundu wofiira umazimiririra kuya kotero, n'kubwerera nanu pamwamba, ndipo malinga ndi pepala adzakhala atakwaniritsa zonse. Mphunzitsi wina pa ulendo womwewo adzakuuzani kuti muwerengere nokha mpweya umene mukufunika musanalowe m'bwato, adzakufunsani kuti mutembenukira pa bar (muyezo wa mpweya wa m'thanki) zingati kuti mufike pamwamba mudakali ndi bar 50, ndipo mukatuluka adzakhala nanu pansi n'kukuuzani zimene anaona mukuchita. Makhadi a ophunzira awiriwa adzakhala ofanana ndendende. Chachiwiri, munthu amaloledwa kulemba mayeso a uphunzitsi wa PADI ali ndi maulendo 100 okha, ndipo n'zotheka kuti ambiri mwa maulendowo anawachita pamalo amodzi osaya, madzi ali bata. Sizitanthauza kuti mphunzitsi watsopano ndi woipa, popeza ena atsopano amakhala osamala kuposa akale amene anazolowera. Zikutanthauza kuti mawu oti mphunzitsi paokha sakukuuzani ngati munthuyo anatsikapo nthawi zambiri pa mamita 30, ndipo muyenera kufunsa.

Nkhani ya mapepala ndi yosavuta. Mphunzitsi aliyense ali ndi nambala ya bungwe lake, ndipo amayenera kukonzanso umembala wake chaka ndi chaka kuti apitirize kupereka makhadi. Pemphani nambalayo ndipo muitsimikize pa intaneti kapena polembera bungwelo. Dziwaninso kuti Divemaster, ngakhale akhale waluso chotani m'madzi, saloledwa kuphunzitsa yekha maphunziro a Advanced kapena a Rescue, kotero dzina limene lidzalembedwe pa khadi lanu liyenera kukhala la munthu amene anakuphunzitsanidi, osati la wina amene anangosainira ali mu ofesi.

Chimene chimafuna nthawi yambiri ndi kudziwa ngati mphunzitsiyo akumvetsa kuti nyanja ya Malawi si nyanja yamchere imene mabuku ambiri a scuba analembedwera. Madzi a nyanja yathu ali pamtunda wa mamita oposa 470 kuchokera pa mlingo wa nyanja zamchere, ndipo mabungwe a scuba amati kusambira kulikonse kochitikira pamwamba pa mamita 300 kumafuna kawerengedwe kapadera. Mpweya wa kumtunda kuno ndi wopepukirapo, choncho munthu akatuluka m'madzi kusiyana kwa mphamvu ya pansi ndi ya pamwamba kumakhala kokulirapo, ndipo thovu la nayitrojeni limapangika mosavuta. Nthawi zimene zalembedwa pa tebulo ziyenera kufupikitsidwa, ndipo kompyuta ya pamkono, imene imawerengera wosambira kuya ndi nthawi, iyenera kukhala yodziwa kuti ili pamtunda komanso m'madzi opanda mchere. Makompyuta ena amazindikira okha, ena amafuna kuti mwini wake awasinthe. Mukafunsa mphunzitsi za nkhaniyi n'kuyankha kuti kusiyanako n'kochepa ndipo kulibe ntchito, mwapeza chifukwa chokwanira choti mukafunse kwina. Kusiyanako n'kochepadi pa ulendo umodzi wosaya, koma maphunziro apamwamba amakhala a maulendo akuya otsatizana, ndipo pamenepo pang'ono paliponse pamawerengedwa.

Nkhani ya kutalika kwa malo siithera m'madzi. Aliyense amene anaphunzira scuba amadziwa lamulo loti asakwere ndege pasanathe maola 12 atasambira kamodzi, kapena maola 18 atasambira kangapo, koma ochepa amaganiza za msewu. Munthu amene watuluka m'madzi ku Cape Maclear masana a Lamlungu n'kuyamba ulendo wa ku Lilongwe kudzera ku Golomoti amakwera phiri la Khwekhwelere, ndipo pofika ku Dedza, kumene kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, amakhala atakwera mamita oposa 1,000 m'maola ochepa chabe thupi lake lidakali ndi nayitrojeni. Wopita ku Blantyre kapena pamwamba pa phiri la Zomba nayenso amakwera. Mphunzitsi wodziwa dziko lino amafunsa tsiku loyamba lomwe kuti mudzanyamuka liti ndipo mudzadzera njira iti, n'kukonza kuti ulendo wakuya uchitike koyambirira ndi kuti pakhale nthawi yopuma musanakwere galimoto. Kwa ine, funso limeneli likachokera kwa mphunzitsi inu musanalitchule, ndi chizindikiro champhamvu kuposa makhadi onse opachikidwa pakhoma.

Madzi opanda mchere sayandamitsa thupi ngati amchere, kotero mtovu wa pa lamba uyenera kuchepa, ndipo mphunzitsi wabwino amayesa kulemera kwa wophunzira aliyense m'madzi m'malo mongomumangirira wochuluka kuti amire msanga. Ayeneranso kudziwa nyengo. Mwera ukayamba kuwomba m'miyezi yozizira, kuyambira cha mu May mpaka August, nyanja imawinduka mofulumira, madzi amazizira, ndipo malo amene anali abata m'mawa amakhala ndi mafunde masana. Palinso maukonde. Nyanja ino ndi munda wa asodzi, ndipo matchera oduka amakodwa m'miyala pansi pomwe saoneka msanga, pamene mabwato a injini amadutsa pamwamba osadziwa kuti pansi pali anthu. Mphunzitsi amene amanyamula mpeni, amene amaphunzitsa kutumiza chibaluni cha chizindikiro pamwamba musanatulukire, ndiponso amene amadziwana ndi asodzi a m'deralo n'kumva kwa iwo za mphepo ndi kumene atchera, akukuphunzitsani zimene zimagwira ntchito kuno.

Funso limene ambiri amachita nalo manyazi ndi la ngozi, koma ndi lofunika kulifunsa mosabisa: wina akadwala atatuluka m'madzi, chichitike n'chiyani? Chithandizo choyamba cha matenda a thovu la nayitrojeni ndi kupumitsa wodwalayo okosijeni weniweni mwamsanga, choncho botolo la okosijeni liyenera kukhala m'bwato, lodzaza, ndipo pakhale munthu wodziwa kuligwiritsa ntchito. Pemphani kuti akuonetseni. Chithandizo chenicheni chimachitikira m'chipinda chachitsulo chopanikiza mpweya, chimene sichipezeka m'zipatala za m'dera lathu ku Monkey Bay kapena ku Mangochi boma, ndipo wodwala kwambiri angafunike kumutumiza kutali monga ku South Africa. Mphunzitsi wodalirika amakhala ndi dongosolo lolembedwa lonena galimoto imene idzanyamule wodwala, chipatala choyamba kufikako, ndi nambala ya bungwe la DAN, limene limapereka uphungu wa madokotala ndi inshuwalansi kwa osambira pansi pa madzi. Amachenjezanso ophunzira ake za chinthu china chimene n'chosavuta kuchiphonya kuno kwathu: kuphwanya kwa thupi, mutu ndi kufooka zimafanana ndi malungo, ndipo munthu akhoza kumwa mankhwala a malungo n'kugona pamene vuto lake ndi lina. Aliyense amene wamva zizindikiro zotere pasanathe tsiku atasambira mwakuya ayenera kuuza achipatala kuti anali pansi pa madzi.

Zipangizo nazo zimanena zambiri za mwini wake. Mathanki amayenera kuunikidwa mkati chaka chilichonse ndi kuyesedwa mphamvu pakapita zaka zingapo, ndipo deti la kuyesedwako limadindidwa pakhosi pa thanki pomwe aliyense angaliwerenge. Pitani mukaone kompresa imene imadzaza mpweya. Ngati paipi yokokera mpweya ili pafupi ndi utsi wa injini kapena wa jenereta, utsiwo umalowa m'thanki, ndipo poizoni wake amakula mphamvu munthu akamatsika. Mpweya wabwino sununkha mafuta ndipo sumveka kukoma kulikonse m'kamwa. Zipangizo zakale si vuto, popeza kuno zatsopano zimachokera kutali ndipo n'zodula, koma regulator (chipangizo chopumira mpweya wa m'thanki) yotaya mpweya kapena geji yosweka galasi imene ikuperekedwabe kwa ophunzira imasonyeza kuti pamalopo anazolowera kunena kuti zichita bwino.

Zonsezi mungazione muli kumtunda. Kaphunzitsidwe kake kamaoneka m'madzi, ndipo njira yabwino ndi kulipira ulendo umodzi wamba ndi mphunzitsiyo musanalembetse maphunziro. Onani ngati amafotokoza dongosolo la ulendo momveka musanalowe, ngati amaonetsetsa kuti aliyense wayendera zipangizo za mnzake, ngati pansi amatembenuka kawirikawiri kuwerenga anthu ake, ndiponso ngati iye mwini amatha kuima phee m'madzi osagwira mwala kapena kuvundula mchenga. Funsani kuti mudzakhala angati. Malamulo amalola gulu lokulirapo, koma pa mamita 30 munthu mmodzi sangayang'anire bwino maso ndi mageji a anthu ambiri, ndipo ophunzira awiri, atatu kapena anayi ndiwo amapindula. Mphunzitsi wosamala nayenso amafuna kukuonani inu. Amawerenga buku lanu la maulendo, amafunsa kuti munasambira liti komaliza, amakupatsani fomu ya zaumoyo imene imafunsa za mphumu, khunyu, matenda a mtima, makutu ndi pakati, ndipo mukayankha kuti inde pa china amakutumizani kwa dokotala m'malo mokunong'onezani kuti mulembe ayi.

Khalidwe limene ndimaliika patsogolo pa onse ndi kutha kukana. Mphunzitsi amene angakuuzeni kuti simunakonzeke kupita mwakuya, kuti mubwereze kaye kuchotsa ndi kuvala magalasi pansi pa madzi mpaka mantha atatha, kapena kuti lero sitipita chifukwa cha mwera ngakhale mafuta a bwato agulidwa kale, akutaya ndalama chifukwa cha moyo wanu. Pa maphunziro a Rescue ndi a Divemaster khalidweli limafunika koposa, chifukwa khadi limene akupatseni lidzachititsa anthu ena kuika moyo wawo m'manja mwanu. Funsani amene anaphunzira kwa iye ngati anaonapo wina akubwezedwa kapena kuwonjezeredwa tsiku. Ngati aliyense amakhoza pa tsiku lomwe linalembedwa pa risiti, ndiye kuti palibe chimene chikuyesedwa.

Kwa ife Amalawi pali mbali ina imene mabuku satchula. Tinaleredwa kulemekeza wotiphunzitsa, ndipo si chapafupi kuuza munthu wamkulu kapena mlendo kuti sitinamve, kapena kuti tikuopa. Pansi pa madzi ulemu woterewu ungavulaze munthu, chifukwa wophunzira amene khutu likumuwawa koma akupitiriza kutsika kuti asakhumudwitse aphunzitsi akhoza kuboola khutulo. Lamulo la scuba ndi loti aliyense angathe kuthetsa ulendo nthawi iliyonse popanda kufunsidwa chifukwa, ndipo mphunzitsi woyenera amalinena lamuloli mobwereza mpaka wophunzira atakhulupirira kuti sadzanyozedwa. Mabuku ndi mayeso zimabwera m'Chingerezi, choncho ndi mwayi waukulu kupeza mphunzitsi kapena womuthandiza amene angafotokoze za mpweya ndi matebulo m'Chichewa kapena m'Chiyao, n'kukufunsani kuti mubwereze m'mawu anuanu. Achinyamata ena amalipira maphunziro pogwira ntchito pamalopo, kunyamula mathanki ndi kutsuka zipangizo. Njirayi yathandiza ambiri, koma pafunika kugwirizana polemba kuti ntchitoyo ndi ya miyezi ingati, maphunziro ake ndi ati, ndipo ndalama ya khadi ndi ya mabuku alipira ndani, kuti munthu asathe chaka akunyamula katundu popanda chimene walandira.

Malo ambiri osambirako kuno ali mkati mwa Lake Malawi National Park, imene inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984 chifukwa cha mitundu mazanamazana ya nsomba zimene sizipezeka kwina. Zambiri mwa nsombazi zimalera ana m'kamwa, ndipo zina zazimuna zimakumba zisa zozungulira mu mchenga kuti zikope zazikazi. Wosambira amene sadziwa kudziyandamitsa amaphwanya zisazi ndi zipsepse zake osazindikira. Mphunzitsi amene amalola ophunzira kugwira nsomba, kutembenuza miyala kapena kutola zinthu pansi amakhala akuswa malamulo a paki, ndipo kawirikawiri munthu wotayirira pa zimenezi amakhalanso wotayirira pa malamulo a chitetezo. Ndi bwinonso kuti mphunzitsi anene zoona za likodzo, limene limapezeka m'madzi osaya a m'mphepete mwa midzi, ndi kukulangizani kukayezetsa kuchipatala, popeza mankhwala ake a praziquantel alipo.

Mtengo ubwere pamapeto, zina zonse zitadziwika. Poyerekeza mitengo ya malo awiri, funsani zimene zili mkati mwake: mabuku, kubwereka zipangizo ndi kompyuta ya pamkono, mafuta a bwato, ndalama yolowera m'paki, ndalama ya khadi, komanso ngati tsiku lowonjezera limalipiridwa padera mukafunika kubwereza. Mtengo wotsika kwambiri nthawi zambiri umatanthauza gulu lalikulu, maulendo afupiafupi, kapena malo apafupi ndi gombe amene safuna mafuta. Ngati ndalama sizikukwanira mphunzitsi amene mwamukhulupirira, n'kwanzeru kudikira n'kumawonjezera maulendo osaya mkati mwa mamita 18 amene khadi lanu likulola kale, popeza maulendo amenewo adzawerengedwa pa 40 ofunika poyamba Divemaster. Ndipo ngati mwayamba kale maphunziro n'kuona kuti mphunzitsi akudumpha zofunika kapena akukukakamizani kutsika pamene simukumva bwino, muli ndi ufulu wosiya, kupempha kuti maulendo amene mwamaliza alembedwe ndi kusainidwa m'buku lanu kuti mukapitirize kwina, ndi kulembera bungwe limene linamupatsa nambala, chifukwa mabungwewa ali ndi nthambi zolandira madandaulo ndipo amatha kumuimitsa kuphunzitsa.